Chenjezo kwa anyamata onyamula zitsulo

Anyamata inu, tamverani kuno. Chifuwa chatambalala, mikono yafufuma, anzanu akukutchani adzitho, koma mukangothamanga pang'ono mwayamba kale wefuwefu kuposa ine mkulu wanu. Ndiye mukuti mtima ukulimba poti umagunda kwambiri mukanyamula chitsulo? Musadzinamize.

Ndimakuonanitu. Munyamula kasanu, kenako khale pa benchi mphindi zisanu, maso pa foni. Mtima umalimba ukamapopa magazi ambiri kwa nthawi yotalikirapo osadukiza. Kugunda kwa masekondi 20 kenako n'kugona sikuuphunzitsa kanthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chizolowezi chotsekera mpweya m'chifuwa pokankha cholemera, mano ali gwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mu 1985, akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anayeza BP ya anthu ali mkati mokankha zitsulo ndi miyendo. Mmodzi inafika 480/350, pamene ya munthu wabwinobwino atakhala phee imakhala cha pa 120/80. Tsono iwe amene sunayezetsepo BP chibadwire, ukudziwa kuti mitsempha yako ingapirire zotani? Tulutsani mpweya pokankha, kokani pobweza. N'zosavuta, koma matama amakutsekani makutu.

Sindikuti zitsulo sizingathandize mtima. Zimathandiza, mukazigwira mwanzeru. Kale mu 1953, Morgan ndi Adamson a pa yunivesite ya Leeds anayambitsa njira ija ya circuit: zitsulo zopepukirapo, kunyamula maulendo 12 kapena 15, kuchoka pa miyendo kupita pa chifuwa, kenako msana, kupuma masekondi 30 okha pakati. Mukazungulira chotero kwa theka la ola, thukuta lake ndi lina. Vuto n'lakuti chitsulo chopepuka mumachita nacho manyazi, ati anzanu akusekani.

Ngakhale apo, musataye kuyenda ndawala, kuthamanga kapena njinga. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zoterezi mphindi zosachepera 150 pa sabata, n'kuwonjezerapo masiku awiri olimbitsa minofu. Sananene kuti sankhani chimodzi.

Za majekeseni ofufumitsa minofu aja sindichulukitsa mawu: amakhuthalitsa minofu ya mtima ndi kukweza BP. Ndipo chifuwa chikathina kapena chizungulire chikakugwirani muli mkati monyamula, ikani chitsulo pansi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.