Lekani kufooketsa ana amene akukonzekera mayeso olowera ku koleji

Ndakwiya kwambiri, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali kwathu ku Chiputula, bambo wina woyandikana naye nyumba anapeza mwana wa mchemwali wanga atakhala pakhonde ndi mabuku ake, akukonzekera mayeso olowera kusukulu ya unamwino. M'malo momufunira zabwino, mkuluyo anamuuza kuti akungodzivutitsa chifukwa malo anagawana kale ana a anthu odziwika. Ananena zimenezi akuseka, n'kumapita. Mtsikana amene wakhala akudzuka tambala woyamba asanalire, m'kuzizira kwa Mzuzu kwa mwezi wa Juni kumene kumalowa mpaka m'mafupa, anatseka mabuku tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero akuwerenga mochita kukakamizidwa.

Inu akuluakulu, ngati mulibe mawu olimbikitsa mwana amene akuwerenga, khalani chete. Kukhala chete sikulira ndalama.

Anthu ambiri sadziwa kuti kuwerengera mayeso olowera ku koleji n'kovuta kuposa kuwerengera MSCE. Pa Folomu 4 mwana amakhala ndi aphunzitsi omulondola, belu lomuuza nthawi, ndiponso anzake amene akulimbana nawo m'kalasi. Akangolemba mayeso a MANEB zonsezi zimatha. Amatsala yekha pakhomo, popanda womufunsa ngati wamaliza mutu wa Biology kapena ayi, kwinaku akuona anzake ena atayamba kabaza, ena akugulitsa kaunjika mumsika, ena akusaka ndalama ya basi yopita ku Joni. Chimene chimamudzutsa m'mawa ndi chikhulupiriro chimodzi chokha, chakuti akalimbikira dzina lake likhoza kutuluka. Ndiye munthu wamkulu, wa imvi zake, abwere kudzachotsa chikhulupiriro chimenecho ndi nthabwala? Mwanayo atsala ndi chiyani?

Inde malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri, zimenezo ngakhale mwanayo akuzidziwa. Koma kuchepa kwa malo ndi chifukwa chowerengera kwambiri, osati chosiyira. Amene adzakhale m'chipinda cha mayeso atazolowera kuyankha mafunso a masamu ndi Chingerezi mothamangitsana ndi nthawi, atabwereza mapepala a zaka zam'mbuyo mpaka kudziwa pamene amalakwitsa, sangafanane ndi amene anataya mtima mwezi wathunthu chifukwa cha zonena za anthu. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Ndipo ndifunse: bambo amene mukunena kuti zonse n'zachinyengo, munaziona ndi maso anu? Ngati muli ndi umboni, ofesi ya Anti-Corruption Bureau ilipo mumzinda momwe muno, pitani mukanene kumeneko. Kukanena kwa mtsikana wa zaka 19 amene ali ndi cholembera m'manja sikuthetsa katangale ayi, kukungochotsa munthu mmodzi woyenera pamndandanda wa opikisana. Mawu anuwo akuthandiza anthu achinyengo omwe mukuwadandaulawo, chifukwa mwana wolimbikira akasiya, iwo ndi amene amapeza mpata.

Ife a ku Mzuzu sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa za kupirira pa maphunziro. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga inapsa ndipo mabuku ochuluka anasanduka phulusa, koma sukulu sinathere pomwepo, ophunzira anabwerera n'kudzamaliza maphunziro awo. Lero lomwe, pitani kulaibulale ya National Library Service m'tauni muno, mukapeza anyamata ndi atsikana amene ayenda wapansi kuchokera ku Zolozolo, ku Mchengautuba ndi ku Masasa, ena osadya kanthu, kuti angopeza mpando ndi malo abata. Amenewa safuna kuti muwalipirire chilichonse. Akungofuna kuti musawagwetse mphwayi. Kodi n'chovuta kufunsa mwana kuti lero wawerenga chiyani, kapena kumugwirira wotchi kwa ola limodzi pamene akuyesa pepala lakale? Kodi n'chovuta kumuuza kuti apume pang'ono akatopa, mawa adzapitirize? Ngati zonsezi zakukanikani, ingodutsani mwakachetechete.

Mtima wofuna kuwerenga sugulidwa pagolosale. Umamangidwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, ndipo munthu mmodzi wolankhula mosaganiza akhoza kuugumula pa mphindi imodzi. Iye amaiwala pofika kunyumba kwake, koma mwana amagona nawo mawuwo, amadzuka nawo, ndipo akatsegula buku ndi amene amayamba kumveka m'mutu mwake. Lekani. Ndikubwerezanso, lekani kufooketsa ana a eni.

Nanunso makolo simuli osalakwa pa nkhani imeneyi. Mwana akamawerengera pakhomo mumamuona ngati munthu wosowa chochita. Kuchigayo apite iyeyo, kumsika iyeyo, madzi akasiya kutuluka pampopi akatunge iyeyo, mlendo akabwera aphike iyeyo, makamaka akakhala mtsikana, pamene mchimwene wake ali phee pa foni kuonera mpira. Usiku akati awerenge, wailesi ili pamwamba mpaka pakati pa usiku. Zotsatira zikadzatuluka dzina lake palibe, mudzakhala oyamba kunena kuti mwanayu ndi waulesi.