Bukuli landidyera ndalama basi

A mlembi, mukuti bukuli munthu sungagone nalo tulo, koma ine linandigonetsa mu chapa (minibasi) yochokera ku Ulongwe, ndinadzidzimukira pa Moatize fumbi la malasha lili m'mphuno. Mameticais anga 600 kupita chabe.

Agogo a m'bukumo atangogwa atamwa tiyi pa tsamba 40 ine ndinadziwiratu kuti wolakwa ndi mpongozi, nanga kukhitchini amalowako ndani? Koma wapolisi wake mpaka tsamba 300 akungovutitsa wa m'dimba wosalakwa, kumufunsa zomwezomwezo. Ndiye chinsinsi chachikulu chija eti mwana wapathengo, zoona abale? Kuno ku Angonia zimenezo zimaululika pa siwa pomwe, azakhali sangadikire mpaka kumanda.

Ndinawapatsa alamu anga, akukolezera mbaula.