Mlandu wa mwana uzithera ku ubwana komweko

Anzanga a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, mwana akapalamula ali ndi zaka 13 kapena 15, mlanduwo uyenera kumutsata mpaka liti? Ine ndikuti usamutsate moyo wake wonse.

Lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limati mwana aziweruzidwa kubwalo la ana, ndipo dzina lake lisamatuluke m'nyuzi kapena pawailesi. Pa milandu ing'onoing'ono limalola kuti nkhani ithere kunja kwa khoti: apepese, abweze chimene watenga, alangizidwe makolo ali pomwepo. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu n'komwe, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Amene adalemba zimenezi ankafuna kuti mwana akagwa adzukenso.

Koma tapitani pa Lizulu tsiku la msika. Kamnyamata kagwidwa ndi kachewere wa eni m'thumba. Apolisi asanafike, mafoni ali kale m'mwamba. Amuvula malaya, amumanga manja ndi linya, wina akumufunsa dzina, mudzi ndi mfumu yake, foni ili pankhope. Pofika madzulo kanemayo ali pa Facebook ndi m'magulu onse a WhatsApp, mpaka achibale a ku Joni amuona. Chimene khoti laletsedwa kuchita, ife tachita ndi manja athu. Fayilo ya kupolisi imatsekedwa, koma kanemayu amangokhala m'mafoni. Pakadzatha zaka khumi, mnyamatayu akufunsira mbeta kapena akupempha njinga ya kabaza kuti azigwirira ntchito, wina adzamutulutsanso.

N'chimodzimodzi ndi ana ochokera ku Mpemba kapena ku Chilwa, malo aboma osungirako ndi kuwongolerako ana opalamula. Wina amabwerako akudziwa kupala matabwa, koma m'mudzi dzina lake lasanduka "wa ku Mpemba uja". Nkhuku ikasowa, anthu amayambira pakhomo pake. Ndiye tikudabwa chiyani akabwerera kwa anzake akale, poti ndi okhawo amene amamulandira?

Sindikuchepetsa ululu wa woberedwa. Mlimi wa ku Bembeke adagula feteleza ndi ngongole, adathirira dimba lake kuzizira kuli pachimake, ayenera kubwezeredwa. Milandu yoopsa monga kupha kapena kugwirira ndi nkhani inanso, ndipo wolemba ntchito yosamalira ana ali ndi chifukwa chofunsira. Koma kuba kachewere uli mwana sikungafanane ndi zimenezo.

Ku South Africa lamulo lawo la ana la 2008 lidaika zaka: mlandu waung'ono umafufutidwa m'kaundula pakatha zaka 5, wokulirapo pakatha zaka 10, bola munthuyo sadapalamulenso mlandu wotero. Milandu yoopsa kwambiri siili m'gulu limeneli. Ndondomeko za United Nations za 1985, zotchedwa Beijing Rules, nazonso zimati mbiri ya mlandu wa mwana isagwiritsidwe ntchito pomuzenga mlandu wina atakula. Aphungu athu a ku Dedza ndi Ntcheu, nkhani yoti muiyankhule ku Nyumba ya Malamulo ndi imeneyi. Mnyamata wopita kulikulu la apolisi ku Area 30 kukadinda zala kuti atenge kalata ya kupolisi yofunsira ntchito, azinyamuka kwawo akudziwa bwino lomwe kuti zimene adachita ali ndi zaka 14 sizimutsekera khomo.

Za aphungu zitenga nthawi, koma za mafoni zili m'manja mwathu lero. Inu oyang'anira magulu a WhatsApp a kuno, mukaona kanema wa mwana womangidwa, muchotseni nthawi yomweyo, ndipo wotumizayo mumuuze chifukwa chake anthu onse a m'gulumo akuwerenga.