George analakwa Lachisanu, osati Lamulungu

Usiku wathawu magetsi atathima ndinamaliza kuwerenganso Of Mice and Men ndikuunikira ndi tochi ya foni. Ndi kabuku kochepa, ka John Steinbeck yemwe uja wa The Pearl, kanatuluka m'chaka cha 1937. Nditakatseka tulo tinandithawa.

Kwa amene simunakawerenge: George ndi Lennie ndi anthu aganyu, oyendayenda m'mafamu a ku California pa nthawi ya umphawi wadzaoneni wa m'ma 1930. George ngwamfupi, wochenjera. Lennie ndi chimphona koma nzeru zake n'zamwana, amakonda kusisita zinthu zofewa, ndipo sadziwa mphamvu za manja ake. Mbewa ikalowa m'dzanja lake imafera momwemo. Pafamu ina kufupi ndi Soledad akupha kagalu mwangozi, kenako mkazi wa mwana wa bwana Curley, pomutseka pakamwa kuti asakuwe. George akukamupeza Lennie padziwe la mtsinje wa Salinas, n'kumuuza kuti ayang'ane kutsidya, n'kuyamba kumufotokozera za kamunda kawo ndi akalulu amene Lennie azidzaweta. Lennie akuseka ndi chimwemwe, George n'kumuwombera kunkhongo.

Ambiri amati chimenechi ndi chifundo, ndipo umboni wawo ndi galu wa Candy, mkulu wina wosesa pafamupo. Galuyo anali atakalamba, mano atatha, maso akuchita chidima, kuyenda movutikira. Carlson, wantchito mnzawo, anamutulutsa panja n'kumuwombera, Candy ali chigonere pabedi atayang'ana kudenga. Pambuyo pake Candy anadandaula kwa George kuti akanamupha yekha galu wake, osalola mlendo. Ndiye akuti George anaphunzirapo.

Ine fanizoli limandikanika pakhosi. Carlson chimene chinkamuvuta ndi fungo la galuyo m'nyumba yogona, zachifundozo zinali zokometsera chabe. Nanga Lennie ankadwala chiyani? Sanamve ululu, sanapemphe imfa, sanadziwe n'komwe kuti imfa ili kumbuyo kwake. Nkhawa yake yonse inali yakuti George amukaniza kuweta akalulu. Munthu wotere mukamuyerekeza ndi galu wotha mano, mwanena kale kuti moyo wake unali wotsika mtengo.

Koma musandimve molakwa, padziwe paja George sindingamugende. Curley ankabwera ndi gulu ndi mfuti, atalumbira kuti amuwombera Lennie pamimba kuti afe movutika. Akanapulumuka pamenepo, Slim, wantchito wolemekezeka pafamupo, ananena poyera kuti akanakamutsekera ndi kumumanga ngati chilombo. Ife za gulu lolusa sitichita kumva kwa munthu. Tinaonapo pamsika, wina akangokuwa kuti wakuba, miyala, matayala ndi petulo zimapezeka apolisi asanafike. Mnzako akumulondola anthu otero, iwe uli ndi mphindi zochepa, ndani wa ife angalumbire kuti akanachita zanzeru?

Mlandu wanga ndi George uli pa Lachisanu, tsiku limene anafika pafamupo. Onani zimene ankazidziwa. Anali atangothawa kutauni ya Weed kumene Lennie anagwira diresi la mtsikana n'kulephera kulisiya, mpaka anabisala m'ngalande ya madzi tsiku lonse. Asanalowe n'komwe pafamu yatsopanoyi, anamuuza Lennie kuti zikavuta adzathawire patchire la padziwe lija. Munthu amene wakonzeratu pothawira ndiye kuti moto wauona. Atafika anapeza Curley, wokonda nkhonya, wodana ndi anthu aataliatali, ndi mkazi wake wosungulumwa wongoyendayenda pakhomo pa antchito. Lennie, yemwe tonse timamutenga ngati wopanda nzeru, ndi amene ananena kuti malo ano si abwino, tiyeni tichoke. George anayankha kuti apirire mpaka apezeko kandalama. Usiku womwewo Lennie anaphwanya dzanja la Curley, George mwiniwake atamuuza kuti abwezere. Anakhalabe. Loweruka usiku George anapita kutauni ndi anzake n'kumusiya Lennie. Lamulungu masana, Lennie ali yekha m'khola ndi kagalu kakufa, George anali panja pa masewera.

Ndikudziwa, ndalama zinali zitanunkhira. Malipiro anali madola 50 pamwezi, kamunda kanali ka madola 600, ndipo Candy anali atalonjeza kuponyapo 350. Mwezi umodzi wokha, loto likanatheka. Umphawi umamupangitsa munthu kugona pafupi ndi njoka, ndipo ndani sanakakamirepo ntchito yoipa chifukwa cha malipiro a kumapeto kwa mwezi? Komabe amene anasankha kukhala ndi George, amene analipira ndi Lennie ndi mayi uja. Mayiyo bukulo silinamupatse ndi dzina lomwe, ndipo ife owerenga timamulumpha ngati chitsa, maso ali kwa Lennie.

Pali kena kamene anthu sakonda kukatchula. George ataona mtembo wa mayi uja, anapempha Candy kuti adikire kaye iye abwerere kunyumba yogona, kuopa kuti anthu angaganize kuti anali nawo. Ndi nthawi yomweyo imene anatenga mfuti ya Carlson. Atatha kuwombera, Carlson atafunsa ngati Lennie ndi amene anali ndi mfutiyo, George anangovomera. Ankamukonda mnzakeyo, sindikukana. Ndi George yemweyo amene anaululira Slim mwamanyazi kuti kale anamuuza Lennie kuti adumphire mumtsinje wa Sacramento pofuna kuseketsa anthu, Lennie n'kutsala pang'ono kumira, n'kumuthokozanso pomuvuula. Kuyambira pamenepo anasiya kumuseweretsa. Koma chikondi chimenecho chinkayenda limodzi ndi kutopa, ndi mantha, ndi kudziteteza, ndipo padziwe paja zonsezo zinagwira nawo mfuti.

Amene munakawerenga kabukuka, makamaka inu amene mukusamalira m'bale wonga Lennie pakhomo, ndiuzeni: Lachisanu lija, Lennie atanena kuti tichoke, inu mukananyamula katundu kapena mukanadikira madola 50 aja?