Goloboyi wa pa ayezi ndi ndodo ya womenya

Dzulo tinakangana ndi mnzanga chifukwa cha kavidiyo ka masekondi khumi. Goloboyi wa hockey ya pa ayezi wadziponya chagada, mwendo m'mwamba, puck yagunda kuphazi n'kubwerera. Mnzangayo akuti ameneyo ndiye katswiri. Ine ndikuti bamboyo anachedwa, wapulumukira mwayi.

Tawerengani nokha. Puck ndi kachimbale ka labala wolimba, kolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamanjanje pa ayezi. Mu 2012 wosewera wina, Zdeno Chara, anakamenya pa liwiro la makilomita 175 pa ola. Titsitse, tinene 150. Kuchokera pa mzere wabuluu pomwe pamayambira dera la goloboyi ndi anzake otchinga, mtunda wosakwana mamita 20, kamafika pagolo theka la sekondi lisanathe. Wodikira kuti aone kaye komwe kakulowera amakatola muukonde.

N'chifukwa chake goloboyi wodziwa ntchito maso ake amakhala pomwe puck yakhudzana ndi ndodo, shoti isanachoke. Mutu wa ndodo ukagonekera kumbuyo, puck ikwera. Ukaiweramira, ikwawa pansi. Amakhala ataonanso kale ngati womenyayo ndi wamanzere, komanso pomwe paima mnzake woti angapatsiridwe. Akatero amasendera kutsogolo pang'ono kuti thupi lake liphimbe golo, lomwe ndi laling'ono kale: mamita 1.83 m'lifupi, 1.22 kupita m'mwamba. Ndiye shoti ija imangofikira pachifuwa, phu! Oonerera n'kumadandaula kuti womenya walunjika pa goloboyi. Akanalunjika kuti, poti malo onse anali atatsekedwa?

Kugwada kuja kumene mumaona, mawondo pamodzi miyendo itayanzika uku ndi uku ngati mapiko a gulugufe, si mantha ayi. Goloboyi Patrick Roy ndi mphunzitsi wake François Allaire anakutchukitsa ku Montreal m'zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake n'kutseka pansi ponse nthawi imodzi, womenya atsale ndi timakona tam'mwamba tovuta kulasa. Lero pafupifupi goloboyi aliyense mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, amatero.

Umboni wanga waukulu ndi zomwe adani amachita. Amatuma chimunthu chachikulu kukaima pamphuno pa goloboyi kuti chimutchinge maso, kapena kugunditsa puck pa ndodo ili m'njira kuti ikhote. Sakulimbana ndi manja ake, akumubisira ndodo ija. Muzimuona goloboyi panthawiyo, akusuzumira m'khwapa mwa munthu ngati mwana wamfupi pa gule.

Apa mnzanga anatulutsa dzina la Dominik Hasek, yemwe anali goloboyi wa dziko la Czech, ndipo ndinayamba ndakhala chete. Zoona, mkulu ameneyu ankagudubuzika pa ayezi, nthawi zina kutaya ndodo n'kuvumbatira puck ndi manja. Ku Olimpiki ya ku Nagano mu 1998, pa ndime ya mapenate mu semi fainolo ya Czech ndi Canada, osewera asanu a Canada anabwera mmodzimmodzi ndipo palibe anagoletsa, ngakhale kuti mmodzi mwa iwo, Eric Lindros, anamenya chitsulo cha golo. Dziko la Czech linakatenga golide litagonjetsa Russia 1-0. Koma mukaonerenso mapenate amenewo mofatsa. Hasek sankafulumira kugwa, ankadikira womenya aulule yekha komwe akupita, kugudubuzikako kumabwera pambuyo.

Za Hasek ndavomera, achimwene. Koma wa m'kavidiyo kaja anali akuyang'ana kumanzere pomwe puck inkachokera kumanja.