Mwini nyumba atsegule chitseko, kenaka apereke mpata kwa woiyendera

Mwezi wathawu ndinaperekeza alamu anga ku Area 49 mu mzinda wa Lilongwe kukaona nyumba imene akufuna kugula, ndipo tinatenga mmisiri wa zomangamanga kuti aiyendere tisanalipire kalikonse. Eni nyumbayo, bambo achikulire aulemu wawo, anatilandira bwino kwambiri, koma sanatisiye tokha ngakhale pang'ono, moti pochoka pakhomopo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti wogulitsa sayenera kukhalapo nthawi yonse imene nyumba yake ikuyenderedwa.

Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi achinyengo ayi. Vuto lenileni lili m'chikhalidwe chathu chaulemu, chimene n'chabwino kwina konse koma pankhani iyi chimatimanga manja. Tinaleredwa kuti mlendo salowa kuchipinda kwa eni ake, sasuntha katundu wa m'nyumba ya wina, ndipo satchula zolakwika za pakhomo pa munthu wamkulu mwiniwakeyo ali pomwepo. Mmisiri wathu, mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo, ataona mng'alu wochokera pawindo kutsikira kumaziko anangoti, "Bambo, apa pakuoneka ngati panasuntha pang'ono," ndipo bambowo atayankha kuti ndi pulasitala chabe, nkhani inathera pomwepo. Tili m'galimoto pobwerera m'pamene anatiuza kuti mng'alu wotero umasonyeza kuti mwina maziko akutitimira, ndiponso kuti anachita manyazi kupempha kuti asunthe kabati yaikulu imene inatsamira khoma lomwelo.

Komatu ntchito yoyendera nyumba imafuna munthu womasuka kuchita zimene mlendo sachita. Ayenera kukwera pamwamba pa siling'i kuti aone ngati chiswe sichinadye matabwa a denga komanso ngati malata sanachite dzimbiri m'malo okhomera misomali. Ayenera kugogoda ndi kukanda khoma kuti adziwe ngati njerwa zinamangidwa ndi simenti kapena dothi, pakuti pulasitala wosalala ndi penti watsopano zimabisa zonsezi, monga akulu ananenera kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ayenera kutsegula mipope yonse nthawi imodzi, kugejemula chimbudzi kangapo, kuvundukula dzenje la zonyansa, ndi kuona mmene mawaya a magetsi analumikizidwira. Izi n'zofunika makamaka tikamaona nyumba m'chilimwe, chifukwa denga lodontha ndi khoma lokoka chinyezi zimadzaoneka mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, ndalama zitalipiridwa kale. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu Marichi 2023 sangatenge mopepuka funso lakuti madzi a mvula amadutsa pati pamalopo.

Ndikuvomereza kuti mwini nyumba ali ndi zimene mmisiri sangazidziwe yekha. Iye ndiye akudziwa chaka chimene denga linafoleredwa, pamene mapaipi anadutsa pansi, ndiponso pamene pali zizindikiro za malire a poloti. Iye ndiye angaonetse chikalata cha umwini wa malo, malisiti a msonkho wa khonsolo, ndi umboni wakuti palibe ngongole ya madzi ku Lilongwe Water Board. Komanso nkhawa yake yakuti anthu achilendo angasowetse katundu m'nyumba ndi yomveka, ndipo sitiyenera kuinyoza.

N'chifukwa chake ndikuona kuti wogulitsa azikhalapo poyamba kuti atsegule zipinda zonse ndi kufotokoza mbiri ya nyumbayo, kenaka atsekere zinthu zake zamtengo wapatali n'kuchokapo kwa maola awiri kapena atatu, atasiya ejenti kapena mbale wake pakhonde, ndipo abwerenso kumapeto kudzayankha mafunso amene mmisiri walemba. Mayankhowo akhale olembedwa ndi kusainidwa. Abale athu amene ali ku South Africa akudziwa kuti kuyambira mu February 2022 lamulo la kumeneko limafuna kuti wogulitsa kudzera mwa ejenti alembe pafomu zolakwika zonse zimene akuzidziwa panyumbayo, ndipo ngakhale popanda lamulo lotikakamiza, palibe chotiletsa ife kupempha pepala lotere. Mawu akuti "ndi pulasitala chabe" munthu amawanena mosavuta pakamwa, koma amayamba waganiza kawiri asanawasainire.

Alamu anga ndawalangiza kuti asapereke ngakhale ndalama ya chikole mpaka mmisiri uja atabwererako yekha, kabati ija itasunthidwa, ndipo bambowo atapemphedwa mwaulemu kuti tsiku limenelo akhale atapita kwina mpaka masana.