Uthenga wa pa WhatsApp wonena za Ayuda: maganizo anga

Sabata yatha munthu wina pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwathu anatumiza uthenga wautali, wa mtundu uja wodutsa m'mafoni ambirimbiri usanakufike. Unkanena kuti kukwera kwa dola, nkhondo za padziko, ngakhale mliri wa Covid-19, zonsezi akuzikonza ndi Ayuda, ndipo banja lachiyuda la Rothschild ndilo lagwira mabanki onse m'manja. Anthu anayi anayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Wina analemba kuti, "Tsegulani maso abale." Ine ndinakhala chete tsiku lonse mtima ukundiwawa, chifukwa mayi amene anatumizawo ndi munthu wabwino, woti ukagonekedwa m'chipatala amayamba ndi iwo kufika ndi phala. Sanakumanepo ndi Myuda ndi mmodzi yemwe chibadwire. Koma bodza limene anatumizalo ndi lakalekale, ndipo laphetsa anthu osawerengeka.

Ndiyambire ku England. M'chaka cha 1144, mu mzinda wa Norwich, anapeza mtembo wa mnyamata wotchedwa William m'tchire. Patapita zaka zingapo, mmonke wina analemba kuti Ayuda ndi amene anamupha mwamwambo wachipembedzo chawo. Umboni panalibe. Nkhaniyo inangofalikira mzinda ndi mzinda, dziko ndi dziko, mpaka inasanduka yoti Ayuda amapha ana a Akhristu kuti atenge magazi awo. Ife Amalawi tisavutike kumvetsa mmene mphekesera ya magazi imayendera. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kunabuka nkhani ya anamapopa, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu okwiya popanda amene anaonapo dontho limodzi likupopedwa. Kwathu kuno zinatha patapita miyezi. Kwa Ayuda a ku Ulaya, mphekesera imeneyi inawatsatira zaka mazana asanu ndi atatu, mpaka mu 1946 ku Kielce, dziko la Poland, kumene Ayuda 42 anaphedwa mwana wina atanama kuti anamutsekera m'nyumba.

Nanga nkhani ya ndalamayi inachokera kuti? Apa ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene uthenga wa pa gulu lathu uja wagona. M'madera ambiri a ku Ulaya wa nthawi imeneyo, Myuda sankaloledwa kukhala ndi munda, ndipo mabungwe a amisiri sankamulandira. Mpingo unkaletsa Mkhristu kukongoza mnzake ndalama mwa chiwongoladzanja. Koma mafumu ndi anthu olemera ankafuna ngongole, zomangira nyumba zawo zamalinga ndi zomenyera nkhondo. Ndiye ntchito imene ena ankaiona yonyansa anaisiyira Ayuda, mfumu n'kumawakhomera msonkho waukulu pa phindu lawo. Ambiri mwa Ayudawo anali amphawi wamba, koma maso a anthu ankangoona ochepa aja okongoza. Aliyense amene anatengapo katapila akudziwa mmene mtima umasinthira. Tsiku lokongola umagwada, tsiku lobweza wokongozayo amaoneka ngati mfiti.

Zimenezi zinaonekera poyera ku York, mzinda wina wa ku England, mu 1190. Ayuda pafupifupi 150 anathawira m'nyumba yamalinga ya mfumu, gulu la anthu litawazinga. Ambiri anasankha kudzipha, otsalawo anaphedwa atatuluka. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimene chinatsatira. Atsogoleri a chipolowecho, kuphatikizapo Richard Malebisse amene anali ndi ngongole yaikulu kwa Ayuda, anapita ku tchalitchi chachikulu cha mzindawo n'kukawotcha mapepala onse a ngongole. Pakamwa ankatchula Mulungu, m'thumba ankafufuta ngongole. Patatha zaka 100, mu 1290, Mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse m'dzikomo. Mliri waukulu utagwa ku Ulaya mu 1348 ndi 1349, anawanamizira kuti athira chiphe m'zitsime, ndipo ku Strasbourg anawawotcha ambirimbiri. Spain inawathamangitsa mu 1492. Venice inawatsekera m'dera lawolawo mu 1516, dera limene linatipatsa mawu akuti ghetto.

Ndine Mkhristu, ndipo gawo ili limandipweteka kulilemba. Muzu wa chidanichi unathiriridwa pa guwa. Kwa zaka zambiri ankalalikira kuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu, kuiwala kuti Yesuyo, amayi ake, Petro, Yohane ndi Paulo onse anali Ayuda, ndipo amene anagamula ndi kupachika anali boma la Roma. Martin Luther, amene ambiri a ife timamulemekeza, analemba buku mu 1543 lolimbikitsa kuwotcha masunagoge. Mpingo wa Katolika unadzakana poyera chiphunzitso cha mlandu wa Ayuda onsechi mu 1965, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate. Komabe mpaka lero, nyengo ya Pasaka ikafika, ndimamva alaliki ena akunena kuti "Ayuda aja" ndi mawu aukali, ngati akunena za mtundu wotembereredwa.

Kenako chidanichi chinavula mkanjo wachipembedzo n'kuvala jekete la ndale. Mu 1879 Mjeremani wina, Wilhelm Marr, anatchukitsa mawu akuti antisemitism, kutanthauza kuti vuto la Myuda lili m'magazi ake, ndipo ngakhale atabatizidwa sangasinthe. Ku France mu 1894 anamanga msilikali wachiyuda, Alfred Dreyfus, pa mlandu wabodza wogulitsa zinsinsi za dziko, ndipo anadzamuyeretsa mu 1906. Ku Russia mu 1903 kunatuluka kabuku kotchedwa The Protocols of the Elders of Zion, konamizira kuti ndi zokambirana za msonkhano wachinsinsi wa Ayuda ofuna kulamulira dziko lonse. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa mu 1921 kuti kabukuko ndi kopeka, mbali zina anachita kukopera m'buku lachifalansa losakhudza Ayuda n'komwe. Koma bodza linali litathamanga kale. Henry Ford, mwini galimoto zija, analifalitsa ku America kudzera m'nyuzipepala yake. A Nazi, chipani cha Hitler ku Germany, analiphunzitsa m'masukulu. Zotsatira zake mukuzidziwa: malamulo a Nuremberg osala Ayuda mu 1935, usiku wophwanya masitolo ndi kuwotcha masunagoge mu Novembala 1938, ndipo pomafika 1945 Ayuda 6 miliyoni anali ataphedwa, pafupifupi miliyoni imodzi ku msasa wophera anthu wa Auschwitz kokha.

Uthenga wa pa WhatsApp uja ndi chidzukulu cha kabuku ka 1903 kaja. Mawu asintha pang'ono, mafupa ndi omwewo.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa ndale za masiku ano n'chakuti bodzali lilibe chipani. Ku Charlottesville, ku America, mu Ogasiti 2017, azungu odana ndi mitundu ina anaguba ndi miyuni akukuwa kuti Ayuda sadzawalanda malo. Iwo amakhulupirira kuti Ayuda ndi amene akulowetsa anthu akuda ndi obwera m'dziko lawo kuti azungu achepe. Taonani, m'nkhani imeneyi ife akuda tilimo ngati zida chabe, opanda nzeru zoyenda tokha. Chaka chotsatira, pa 27 Okutobala 2018, munthu wokhulupirira zomwezi anapha anthu 11 m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh. Ku Hungary mu 2017 boma linadzaza misewu ndi zikwangwani za nkhope ya George Soros akuseka, Myuda wolemera amene anapulumuka kwa a Nazi ali mwana, ngati ndiye dzanja lobisika la mavuto onse a dzikolo. Atsogoleri a Ayuda kumeneko anadandaula poyera. Mbali inayo nakonso kulibe kuyera. Ku Britain, mu Okutobala 2020, bungwe la boma loona za ufulu ndi kusasankhana linapeza kuti chipani cha Labour chinaphwanya lamulo pa mmene chinkasamalira madandaulo a chidani cha Ayuda, nthawi ya utsogoleri wa Jeremy Corbyn. Ndipo mu 2003 Mahathir Mohamad, nduna yaikulu ya Malaysia pa nthawiyo, anauza msonkhano wa mayiko achisilamu kuti Ayuda amalamulira dziko kudzera mwa ena. Wandale zikamuvuta amafuna wina womuloza chala, ndipo Myuda anamukonzera kale mpando umenewo.

Ndikudziwa funso limene likubwera m'munsimu: nanga Gaza? Ndiyankhe mosabisa. Pa 7 Okutobala 2023 a Hamas, gulu la zida la ku Gaza, anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel ndi kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo imene inatsatira yapha Apalestina zikwi makumi angapo, ana ndi amayi ambirimbiri, ndipo ine zithunzi za ana amenewo zimandisowetsa tulo. Kudzudzula boma la Israel la Benjamin Netanyahu ndi ufulu wa aliyense. South Africa inalitengera ku khoti la dziko lonse ku The Hague mu Disembala 2023, ndipo Ayuda ambiri, mkati mwa Israel momwemo ndi kunja, amaguba kutsutsa boma limenelo. Sindigwirizananso ndi amene amathamangira kunena kuti aliyense wolira Apalestina ndi wodana ndi Ayuda. Koma pamene munthu wachoka pa zochita za boma n'kuyamba kunena kuti "Ayuda ndi otero," kapena kukagenda sunagoge ku Berlin chifukwa cha bomba logwa ku Rafah ku Gaza, wabwerera ku Norwich ndi ku York. Kodi inu mungavomere kumenyedwa ku Johannesburg chifukwa cha chigamulo chimene apanga ku Capital Hill?

Ndipo tisaiwale anthu a m'dera lathu lomwe lino. Denis Goldberg, Myuda, anaweruzidwa limodzi ndi Nelson Mandela pa mlandu wa Rivonia mu 1964 ndipo anakhala m'ndende zaka 22. Ruth First, Myuda nayenso, anaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982 chifukwa chomenyana ndi tsankho. Ayuda onse padziko lapansi sakwana 16 miliyoni, ochepa kuposa ife Amalawi. Ena ndi olemera, ena ndi osauka, ena amapemphera, ena sapemphera, amakangana okhaokha pa ndale ngati ife tomwe.

Madzulo a tsiku lija ndinawaimbira foni mayi aja, osati pa gulu, kuti ndisawachititse manyazi. Ndinawafotokozera za York ndi mapepala a ngongole aja, ndi za kabuku ka 1903. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati iwo ankangoganiza kuti akuchenjeza abale, ndipo uthengawo unachokera kwa mlamu wawo amene amakhala kunja. Anaufufuta pa gulu lathu usiku womwewo, koma anandiuza kuti anali atautumiza kale ku magulu ena atatu.